Mfuti ya Sandalamu ndi Mzere Wachitatu

M'dziko la Mwinamawa ufumu sachita kubadwa nawo. Kalekale mfumu ina idamwalira n'kusiya ana ochuluka kuposa mipando ya m'nyumba yachifumu, ndipo akuluakulu atatopa ndi kuleretsa ndewu adagamula kuti anthu azidzisankhira okha wowavutitsa. Chiyambire pamenepo, pakapita zaka zingapo, dziko lonse limatsikira ku likulu la Tamvetsani kukasankha mfumu, n'kubwerako ndi fumbi kumapazi ndi malonjezo m'makutu.

Vuto ndi lakuti a ku Mwinamawa sawerenga anthu. Nkhuku amawerenga, mbuzi amawerenga, zolakwa za anzawo amawerenga bwino lomwe, koma munthu ayi. Amati imfa ikamva nambala imabwera kudzachotserapo. Tsono pa chisankho ofuna ufumu amaima pabwalo, anthu n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Kenako mmodzi wa mzere uno amagwirana dzanja ndi mmodzi wa mzere uwo, n'kulowa pa chipata chotchedwa Awiriawiri. Amatero mpaka mzere umodzi utha. Mzere umene watsala ndi munthu wosowa womugwira dzanja ndiwo wapambana.

Makolo adaikonza bwino njirayi, kungoti sadaganizeko kuti kudzabadwa munthu wachitatu wofuna ufumu. Atabadwa, akuluakulu adakanda m'mutu n'kulamula kuti anthu ake azikhala pansi pa mtengo wa kachere pafupi ndi chipatacho. Wosintha maganizo ali ndi ufulu wodzuka n'kukalowa mzere uliwonse ng'oma yotsekera isanalire. Wosadzuka, dziko limamuthokoza chifukwa chobwera.

M'mudzi wa Tilondabe, patsinde pa phiri la Mwaswera pamene anyani amadya chimanga ngati anathandiza nawo kupalira, munali mkamwini wina dzina lake Sandalamu. Pachikamwini munthu sakhala ndi zambiri. Munda unali wa apongozi ake a Nachisale, nyumba inali pamalo pa a Nachisale, ngakhale mwana wake Ganizani anali wa eni mudzi. Chake chenicheni cha Sandalamu chinali mfuti ya gogodela imene anamusiyira malemu amalume ake, yomangidwamangidwa ndi waya ndi mphira. Mfutiyo inali isanaphepo nyani, koma ikalira phiri lonse linkayankha, anyani n'kuthawa mpaka mawa lake. Akaikoleka paphewa, Sandalamu ankayenda ngati mudziwo ndi wake, ndipo ankaikonda mfutiyo mopanda manyazi.

A Nachisale anali ndi ana aakazi atatu, onse okwatiwa, motero akamwini analinso atatu: Sandalamu wamkulu, Yotamu, ndi Filipo amene anali atangolowa kumene m'banjamo. Aliyense anali ndi gogodela wake, ndipo ankasinthana pansanja yolonderapo anyani.

Nkhani idayambira kunyumba yachifumu. Tsiku lina Mfumu Mtsekakhomo ikulandira alendo a kunja, wina paukwati wapafupi anawomba mfuti chifukwa cha chimwemwe. Alendowo atacheuka anapeza mfumu ili pansi pa tebulo. Nduna zinafotokoza kuti mfumu imayendera ntchito ya akalipentala, koma madzulo omwewo bwalo linaitanidwa.

"Anthu anga ndimawakonda," inatero mfumu, "ndipo mfuti zawo ndimazikondanso. Zatopa mfuti zimenezi. Mukandisankhanso, zonse zibwera kuno zidzapume m'chipinda chokhoma."

Nduna zinawomba m'manja. Nduna ya zaulimi yokha ndi imene inatsokomola. "Nanga anyani, mfumu?"

"Anyani tikambirana nawo. Tikhazikitsa komiti."

Mawuwo anafika pa msika wa Tsitsaniko nduna zisanafike n'komwe kunyumba zawo. Loweruka lake, Sandalamu atapita kukagula wonga, anapeza a Chapakati, amene ankalimbirana ufumu ndi mfumuyo, ataima pangolo. Anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akupepesa.

"Mfuti zanu sungani," anatero. "Palibe adzakulandeni. Ndikungopempha ziwiri: tisamawombe paukwati ndi pamaliro, komanso tisamawombe titamwa."

"Nanga tiziwomba liti?" anafunsa Sandalamu, ndipo ankafunsadi ndi mtima wonse.

Mayi wina wogulitsa tomato anayankha osakweza mutu. "Mfumu ikufuna mfuti, awa akufuna mowa. Onse akungolimbana ndi zomwe amuna athu amakonda kuposa ife."

Chapatali pang'ono, pamwamba pa mgolo wovundikira, panaima a Chiphaliwali, mwini wake wa okala yogulitsa wonga komanso mtsogoleri wa Chipani cha Wonga. Iwowa sankapepesa munthu.

"Woletsa kuwomba paukwati, mawa adzakuletsani ukwatiwo," anakuwa. "A Chapakati ndi mfumu ndi amodzi, kungoti wina akulandani masana, wina akulandani pang'onopang'ono. Ine ndikuti mfuti kwa aliyense. Mwana akangomera dzino, mfuti. Gogo akaguluka dzino, mfuti."

"Koma mupambana, a Chiphaliwali?" anafunsa wogulitsa tomato uja.

"Kupambana ndi nkhani yaing'ono, mayi. Ife tikufuna timveke."

Sandalamu anatchera khutu. Munthu amene wakhala zaka zambiri pamudzi pa eni akulankhula motsitsa mawu, ukamuuza za kumveka wamugwira pamtima. Anabwerera ku Tilondabe ndi wonga m'thumba ndi chipani m'mutu, ndipo dzuwa lisanalowe Yotamu ndi Filipo anali atalowa nawo. Atatuwo analumbira atagwira mfuti zawo kuti adzakhala pansi pa kachere mpaka ng'oma italira.

Tsono pano mpofunika kunena za Sandalamu ndi apongozi ake. Ku Mwinamawa mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, salankhula nawo mwachindunji, ndipo za kuwakhudza sitinena n'komwe. Sandalamu anali katswiri pa ulemu umenewu. Akamva chifuwa cha a Nachisale panjira, ankapatukira m'tchire ngakhale muli chitedze. Nkhope yawo sankaidziwa bwino, koma mapazi awo akanawazindikira pakati pa msika. Zokambirana zonse zinkadzera mwa mkazi wake Esinati, amene pa chifukwa chimenechi ankatopa kuposa aliyense pamudzipo.

Madzulo a tsiku limenelo a Nachisale anakhala mbali ina ya nkhokwe, Sandalamu mbali inayo, Esinati pakati akusenda maungu.

"Esinati, uwauze a Mbewe kuti denga la khitchini yanga silinaiwale ukwati wa Filipo," anatero a Nachisale, potchula Sandalamu ndi mfunda wake.

"Mayi akuti denga silinaiwale," anatero Esinati.

"Uwauze mayi kuti moto wa mfuti uja unali wa chimwemwe, ndipo tinafoleranso."

"Akuti anafoleranso."

"Ndamva. Uwauze kuti tambala wanga sanamufolerenso. Uwauzenso kuti amuna atatu akulu misinkhu amakhalira kupukuta mfuti udzu uli m'munda. Ine ndikaima kumbuyo kwa mfumu, mwina akaphunzirapo kanthu."

Esinati sanabwereze zimenezo. Anaika mpeni pansi n'kutembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Ganizani, tamverani zanga tsopano. Ogulitsa zitenje za zipani akuti za mfumu ndi za a Chapakati zikutha mofanana. Mizere ikakhala yolingana. Inu mfuti mukuifuna, a Chapakati akuti muisunge. Pansi pa kachere mukukatani?"

"Tikukamveka."

"Akumveni ndani? Kachere?"

"A Chapakati apambana ndithu, ndi ife kapena popanda ife," anatero Sandalamu. "Koma akaone kuti tilipo amuna amene sitigawana mfuti yathu ndi malamulo. Akatiopa."

Esinati anatola mpeni wake. Anali atakwatiwa nthawi yokwanira kudziwa kuti mwamuna wake akayamba kunena kuti "amuna amene", nkhani yatha.

Tsiku la chisankho kunacha ndi dzuwa loswa mtengo. Mizere iwiri inatambalala kuchoka pachipata mpaka kuseri kwa msika, ndipo pansi pa kachere panali chigulu ndithu, moti a Chiphaliwali anayamba kuyeserera kayendedwe kachifumu. Ng'oma yotsegulira italira, anthu anayamba kulowa awiriawiri. Chisankho cha ku Mwinamawa chimakoma pamenepa, chifukwa munthu susankha wogwirana naye. Abusa analowa atagwirana ndi mayi wotcheza kachasu, onse akuyang'ana kumwamba. Bambo wina analowa ndi mkazi amene anasiyana naye chaka chatha, ndipo pofika mkati anali atayambiranso mkangano pomwe anausiyira. Esinati analowa ndi wophika wa kunyumba yachifumu, ndipo podutsa pa kachere anamuyang'ana mwamuna wake ndi diso limene Sandalamu anasankha kusaliona.

Dzuwa litafika paliwombo, anthu a pansi pa kachere anayamba kuchepa. Ena anaona kuti mizere ikutha mofanana, anadzuka mwakachetechete ngati akupita kukataya madzi, n'kukalowa kwa a Chapakati. Ena anakalowa kwa mfumu chifukwa kumeneko kunkagawidwa thobwa. Ena anangotsatira fungo la kanyenya osabweranso. A Chiphaliwali nawo anati akaone kaye okala.

"Apambane uyu, apambane uyo, lero anthu agula wonga wambiri," anatero. "Inu gwirani chipani."

Pofika chakumadzulo, Chipani cha Wonga chinali akamwini atatu a ku Tilondabe, atakhala pamizu, milomo itauma gwa. Sandalamu ankawalimbikitsa anzake kuti mbiri ya dziko idzawakumbukira. Filipo anati iye akanakonda ikanamukumbukira ndi madzi akumwa.

Mizere inafupika, inafupikabe. Amene anali atalowa kale anakwera pampanda kuti aone mathero. Mfumu inasiya kudzikupiza. A Chapakati ankangopukuta thukuta ndi chipewa. Awiri analowa, enanso awiri, kenako mnyamata womaliza wa mzere wa a Chapakati anagwirana ndi mkulu wina wa ndodo, n'kulowa. Kumbuyo kwa a Chapakati kunalibenso munthu. Kumbuyo kwa mfumu kunatsala mayi mmodzi yekha, amene anafika mochedwa chifukwa cha bondo lovuta.

Sandalamu anaona mapazi a mayiyo, ndipo maso ake anagwera pansi okha. Yotamu ndi Filipo nawo anazolika nthawi yomweyo.

Wolengeza wa kubwalo anakweza mawu monga mwa mwambo. "Alipo wowagwira dzanja mayiwa? Ng'oma isanalire, alipo?"

"A Sandalamu," ananong'ona Yotamu, "nkhani yake ndi yapafupi. Mmodzi wa ife akawagwira dzanja n'kulowa nawo, mizere yalingana. Awiri otsalafe tikaima kwa a Chapakati, apambana. Mfuti zapulumuka."

"Ndiye pitani."

"Ine? Wamkulu ndinu."

"A Filipo, pitani inu. Mwangokwatira kumene, ulemu sunakulowereni kwenikweni."

"Ine ndi amene ndinaotcha khitchini," anatero Filipo. "Ndikawagwiranso dzanja, ndigona kuti?"

Za lumbiro lija palibe anazikumbukira. Wolengeza anafunsa kachiwiri. Sandalamu anaganiza za mfuti yake ili pakona kuseri kwa chitseko, anaganiza za amalume ake, anaganiza za chipinda chokhoma cha mfumu. Mantha anamugwira, mantha enieni a munthu amene watsala pang'ono kukhala wopanda kalikonse. Anadzuka.

Anayenda maso ali pansi, akuona fumbi ndi makoko a nzimbe. Pampanda panayamba manong'onong'o akuti, "Ndi apongozi ake aja," ndipo manong'onong'owo anakula n'kukhala phokoso. A Chapakati, amene mwambo sunkawalola kusuntha pamalo pawo, anagwada pomwepo.

"Gwirani, achimwene," anachonderera. "Za paukwati zija tikambirananso. Ngakhale za mowazo tingathe kuonapo."

Sandalamu anafika. Mapazi aja anali patsogolo pake, otuwa ndi ulendo, chala chachikulu chakumanja chili chopindika monga mwa masiku onse. Anauza dzanja lake kuti likwere. Dzanja linakana. Zaka zonse zopatukira m'chitedze zinali zitakhazikika m'mkono umenewo, ndipo sizikanachoka chifukwa cha chisankho.

"Tayang'anani, bambo inu," anthu ankakuwa pampanda. "Kwezani maso. Tangoyang'anani."

Sandalamu anamva chisoni ndi mmene dziko laonongekera. Khamu lonse, akulu ndi ana omwe, kuuza munthu kuti ayang'ane apongozi ake pagulu. Wolengeza anafunsa kachitatu. Pamenepo thupi la Sandalamu linachita zomwe linazolowera: ananjuta, anawomba m'manja mwaulemu, n'kubwerera chafutambuyo. Ng'oma inalira.

Mfumu Mtsekakhomo inathokoza dziko chifukwa choisankha ndi mtima umodzi. Wina pampanda anati n'zoona, unalidi umodzi. M'mawa mwake bwalo linatulutsa Lamulo Lopumitsa Mfuti, ndipo pofuna kuonetsa kuti mfumu si yankhanza, lamulolo linasiyira anthu ufulu wa phokoso. Mlimi aliyense analoledwa kukuwa kuti "phuu" m'munda mwake mmene angafunire, popanda chilolezo, kupatula paukwati ndi pamaliro. Komiti yokambirana ndi anyani inakhazikitsidwa, ndipo inayamba ndi ulendo wokaphunzira m'mayiko amene kulibe anyani. Udindo wosunga makiyi a chipinda cha mfuti unapatsidwa kwa a Chiphaliwali, popeza ndi amene ankazidziwa bwino. Polandira udindowo ananena kuti ichi ndi chizindikiro chakuti chipani chawo chamveka.

"Chamvekadi," anatero wogulitsa tomato pa Tsitsaniko. "Mpaka anyani amva."

Asilikali anafika ku Tilondabe ndi ngolo. Sandalamu anaipukuta mfuti yake komaliza, anamangitsa waya amene anali atamasuka, n'kuipereka ndi manja awiri. Anapempha kuti asaiike pansi penipeni chifukwa imadana ndi chinyezi. Msilikali anavomera, n'kuiponya m'ngolomo pamwamba pa zinzake. Sandalamu anaima pamsewu mpaka fumbi la ngolo litatha, ndipo analira osabisa. Pamudzipo palibe amene anamuseka, komanso palibe amene analimba mtima kukamba naye za pachipata.

Chimanga chinali chitafika pa mondokwa. Akamwini atatu ankasinthana pansanja kugwiritsa ntchito ufulu wawo watsopano. Poyamba anyani ankathawa ndithu. Kenako anayamba kungosuntha pang'ono. Posakhalitsa ankabwera ndi ana awo kudzaonerera.

Masana ena Sandalamu ali pansanja, mawu atasasa, Esinati anabwera ndi mbatata yootcha. Kumbuyo kwake kunamveka chifuwa chodziwika chija. A Nachisale anaima kuseri kwa chulu, atafulatira, akuyang'ana mapesi othyoka amene anali mbali yonse ya kumtunda kwa munda wawo. Sandalamu anatsika msangamsanga n'kunjuta, maso pansi.

"Esinati," anatero a Nachisale, "uwauze a Mbewe kuti ine mfumu ija sindinkaifuna."

Esinati anayang'ana mayi ake. "Nanga munakaimiranji kumeneko, mayi?"

"Ndinkati a Chapakati apambana ndithu, ndi ine kapena popanda ine. Ndinkangofuna akamwini anga andione ndili uko, achite mantha pang'ono. Ndimafuna ndimveke."

Esinati anatsegula pakamwa kuti abwereze, koma anaona kuti palibe chifukwa. Kumtunda chinyani chachikulu chinathyola chimanga, chinachisenda mosafulumira, n'kukhala pansi.

"Uwauzenso ichi," anapitiriza a Nachisale, mawu awo atatsika. "Nditaona kuti ndatsala ndekha, mtima unandithawa. Ndinavula mpango kumutu, ndinakulunga dzanja lonse mpaka m'chigongono, ndinatembenuzira nkhope kumbali n'kutseka maso. Akanagwira nsalu, osati ine. Akuluakulu a kubwalo anagwedeza mitu kuti zikhoza kutheka. Ndinalitambasula dzanjalo mpaka linachita dzanzi."

Sandalamu anamva khamu lija likukuwanso m'makutu mwake kuti akweze maso.

"Bambo a Ganizani," anatero Esinati pang'onopang'ono, "mayi akuti..."

"Ndamva," anatero Sandalamu.

Aka kanali koyamba chikwatirire kuyankha apongozi ake mawu asanadzere mwa mkazi wake, ndipo palibe amene anamudzudzula. Chinyani chija chinataya chitsononkho n'kuthyola chimanga china. A Nachisale anakokera mpweya wonse umene chifuwa chawo chikanatha, n'kukuwa kuti "phuu". Chinyanicho chinacheuka, chinawayang'ana bwinobwino kumaso, n'kupitiriza kudya.